Mafunso ndi mayankho: zipangizo ndi mapulogalamu othandizira mwana amene phokoso, zovala kapena kukhudzidwa kumamuzunza

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza, komanso mayi wa mnyamata amene kwa zaka zambiri sankalola kumetedwa. Chigayo chikalira ankagwira makutu n'kudzigwetsa pansi, ndipo juzi ankaivula ngakhale mu Juni, pamene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Mafunso awa ndi amene makolo anzanga amandifunsa kusikelo, kutchalitchi ndi pa WhatsApp, ambiri ataona zipangizo zokongola pa Facebook n'kuyamba kuwerengera ndalama za mbatatesi kuti agule. Ndayankha monga mayi amene anayendapo njirayi. Kupima mwana ndi ntchito ya achipatala.

Kodi vutoli ndi lotani kwenikweni? Apongozi anga akuti mwanayu ndi wamwano chabe.

Ganizirani za sefa ya ufa. Nthawi zonse thupi limatumiza mauthenga ku ubongo: zimene maso akuona, zimene makutu akumva, fungo, kakomedwe, ndi chilichonse chokhudza khungu. Ubongo umasefa, zofunika zimadutsa, zina zimatsala. N'chifukwa chake inu simumva msoko wa malaya anu tsiku lonse. Ana ena sefa yawo ili ndi maenje aakulu, zonse zimalowa nthawi imodzi, ndiye mvula ya pamalata kapena sipika ya kutchalitchi imawapweteka kwenikweni. Ena sefa yawo ndi yothinana, mauthenga amadutsa ochepa, choncho amafunafuna ambiri: kuzungulira osachita chizungulire, kudziwombetsa kukhoma, kutafuna kolala ya yunifomu. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, kuopa phokoso koma n'kumakonda kudumpha pachulu.

Pali njira zina zomvera zimene kusukulu sitiphunzitsa. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamauza ubongo ngati mutu wapendekeka kapena thupi likuyenda. Minofu ndi molumikizira mafupa namonso mumachokera uthenga wonena pamene pali dzanja kapena mwendo, ndi mphamvu imene ukugwiritsa ntchito. Mwana amene amathyola mapensulo kapena kufinya anzake powakumbatira nthawi zambiri uthenga umenewu sukumufika bwino. Zipangizo zambiri zimene mumaona pa intaneti zimagwira pa njira ziwiri zimenezi.

Amene anayamba kufotokoza zimenezi mwadongosolo ndi A. Jean Ayres wa ku America, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5, la mu 2013, silinaike vutoli ngati matenda apaokha, koma linaliika pa zizindikiro za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Limaonekanso mwa ana ambiri a ADHD (vuto losakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi) ndi amene ubongo wawo unavulala pobadwa. Choncho dokotala akakuuzani dzina lina la vuto la mwana wanu, sikuti wakana zimene mwaonazo.

Apongoziwo muwayankhe mwaulemu, koma muwafotokozere kuti ndodo sichotsa ululu wa m'makutu. Mwana womenyedwa chifukwa choopa chigayo amangoyamba kuopanso womumenyayo.

Occupational therapist ndi ndani, ndipo ndingamupeze kuti?

Ndi katswiri wothandiza munthu kuchita ntchito za tsiku ndi tsiku. Ntchito za mwana ndi kudya, kuvala, kusamba, kusewera, kugona ndi kuphunzira. Wa fiziyo amayang'ana kwambiri mphamvu ya miyendo ndi kayendedwe, pamene uyu amafunsa chimene chikulepheretsa mwana kugwira supuni kapena kukhala pamphasa ndi anzake.

Akatswiriwa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'mizinda. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa kwanu kapena chipatala chaching'ono, akulembereni m'buku la kuchipatala kuti mupite kuchipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu, mukafunse ku mbali ya fiziyo. Iwo ndi amene amatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Dedza boma, kapena ku Blantyre kumene kuli chipatala cha Queen Elizabeth ndi Kachere Rehabilitation Centre. Ulendo wotere ndi wodula, ndiye mukapita musabwerere ndi dzina la vuto lokha. Pemphani akuonetseni ndi manja zoti muzikachita kunyumba, ndipo ngati alola mujambule pafoni.

Ndili ndi kandalama pang'ono. Ndiyambe kugula chiyani?

Kope ndi cholembera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa masabata awiri lembani nthawi imene mwana walusa kapena wathawa, chimene chinachitika asanaluse, ndi chimene chinamutonthoza. Ine ndinkaganiza kuti mwana wanga amadana ndi kusamba. Kope linandionetsa kuti amalira kokha madzi akamatsanulidwa pamutu iye ataweramitsidwa chagada. Titamupatsa kapu kuti azidzithira yekha ali chiimire, nkhondo ya m'bafa inatha osagula chilichonse. Akatswiri nawo amayamba ndi mafunso otere. Pali pepala lodziwika la mafunso a makolo lotchedwa Sensory Profile, limene Winnie Dunn anatulutsa mu 1999, ndipo kope lanu lidzakuthandizani kuyankha zoona zokhazokha.

Chachiwiri, mwana apimidwe makutu, maso ndi mano. Mwana wotuluka mafinya m'khutu amagwira makutu, ndipo wa dzino lobooka amakana chakudya cholimba. Ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ku African Bible College. Muwauzenso achipatala ngati mwanayo anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo kapena ngati amagwa khunyu, pakuti zimenezi zimasintha khalidwe la mwana ndiponso zimasintha zipangizo zimene angagwiritse ntchito.

M'mavidiyo ndimaona makatungwe, mipira ikuluikulu ndi matiresi. Zimagwira ntchito yanji, nanga kumudzi kuno tingatani?

Katungwe amadyetsa kachiwalo ka m'khutu kaja. Kukankha pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, kumakhazika mtima pansi. Kukankha mwamphamvu kapena mozungulira kumadzutsa thupi. Amayi athu anadziwa izi kalekale. Mwana woberekedwa kumbuyo amafinyidwa ndi nsalu, amagwedezeka mayi akamasinja, ndipo amagona. Mwana akakula moti sangaberekedwe, thupi lake limafunabe zomwezo.

Tayala lakale ndi chingwe cholimba panthambi ya mango ndi katungwe wokwanira. Boolani tayalalo pansi kuti madzi asadikhemo n'kuswa udzudzu. Zitenje ziwiri zolimba zosokedwa pamodzi kwa telala, zomangidwa mbali zonse, zimapanga katungwe wogonamo amene amakuta thupi lonse, ndipo ana oopa kusiya mapazi m'mwamba amayamba bwino ndi ameneyu chifukwa amamangidwa pafupi ndi pansi. Chubu cha tayala la lole chopopedwa chimalowa m'malo mwa mpira wodumphapo. Matumba odzaza masanza kapena makoko a chimanga ofewa ndi podzigwetsera pabwino. Mipando ya ana olephera kukhala bwino imapangidwanso ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, luso limene linayambira ku Zimbabwe, ndipo ikauma imalimba modabwitsa.

Koma chimene chathandiza kwambiri kwathu ndi ntchito yolemetsa minofu. Kukankha wilibala, kunyamula kachigubu ka madzi, kusinja ndi kamunsi, kukanda dothi lozira, kukolopa, kukokerana chingwe ndi abambo ake. Ntchito zotere zimatumiza uthenga wamphamvu kuchokera m'minofu, ndipo ana ambiri amadekha pambuyo pake. Mwana wanga ndimamupatsa ntchito yotere asanapite kusukulu ndiponso tisanalowe m'tchalitchi. Akatswiri amakonza ndandanda ya zochita zoterezi imene amaitcha sensory diet, ngakhale kuti si nkhani ya chakudya.

Chenjezo langa lili pa kuzunguza. Musazunguze mwana inu, azidzizunguza yekha ndipo aleke akafuna. Akayamba thukuta, nseru, kuyasamula kawirikawiri kapena kufooka, mutsitseni. Ngati amagwa khunyu funsani achipatala kaye. Ndipo chingwe kapena chitenje cholendewera musachisiye pamene mwana akusewera yekha, chifukwa chikhoza kumukola pakhosi. Masulani mukamaliza.

Nanga bulangete lolemera lija? Akuti mwana amagona nalo tulo tofa nato.

Maganizo ake ndi oona ndithu, kufinyidwa mofatsa thupi lonse kumatonthoza anthu ena. Temple Grandin, mayi wa ku America amene ali ndi autism, ali mtsikana anaona pafamu ya azakhali ake ku Arizona kuti ng'ombe zimadekha zikapanikizidwa mumpanda wobayira jakisoni. Anadzipangira chipangizo chofanana nacho cha m'ma 1965, ndipo chinkamuchotsa nkhawa. Anzathu a ku Ntcheu oweta ng'ombe sangadabwe nazo. Chofunika kuona n'chakuti iye ankadzipanikiza yekha, ndipo ankamasula yekha akafuna.

Pa nkhani ya tulo, umboni ndi wofooka. Kafukufuku wa ku England amene anasindikizidwa mu 2014, pa ana oposa 60 a autism, anapeza kuti bulangete lolemera silinawonjezere nthawi yogona poyerekeza ndi bulangete wamba, ngakhale ana ndi makolo ambiri analikonda. Ndipo ngozi yake ndi yeniyeni. Mu 2008 ku Quebec, m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 9 anamwalira atakulungidwa m'bulangete lotere kusukulu.

Ngati mukufunabe kuyesa, malamulo ake ndi awa. Lisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwana, kutanthauza kuti wa makilogalamu 20 asapatsidwe loposa makilogalamu 2. Lisafike kumutu. Mwana azitha kulichotsa yekha, ndipo muyese zimenezi masana muli pomwepo. Khanda, mwana wa mphumu, wa khunyu kapena wofooka manja asaligwiritse ntchito. Lisakhale chilango, ndipo musamukulunge nalo.

Ine ndimakonda kapilo kolemera koika pamiyendo. Telala amasoka timatumba tating'ono motsatana, mumathiramo mchenga wotsuka ndi kuumitsa bwino, n'kukutira ndi nsalu ina. Nyemba ndi chimanga zimaitana anankafumbwe ndi makoswe. Mwana amakaika pantchafu kwa mphindi 15 kapena 20 polemba kapena pakudya, kenako n'kuchotsa, chifukwa thupi likazolowera sikamvekanso.

Mwana wanga amaopa phokoso. Ndimugulire zotseka m'makutu?

Inde, ichi ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene ndimati gulani. Zimene amavala amisiri ocheka matabwa zimagulitsidwa m'mahadiweya, ndipo zilipo za msinkhu wa ana. Sungani m'chikwama kuti avale pamsika wa Lizulu, paukwati, kuchigayo, mabingu akayamba, kapena ng'oma zikalira pafupi. Koma asavale tsiku lonse, pakuti makutu otetezedwa nthawi zonse amayamba kuopa ngakhale phokoso laling'ono. Asavalenso poyenda m'mbali mwa msewu wa M1, kumene ayenera kumva galimoto ndi njinga zamoto. Thonje kapena pepala musalowetse m'khutu.

Kumuchenjeza kumathandizanso kwambiri. Phokoso limene mwana akuliyembekezera silipweteka ngati lodzidzimutsa. Muuzeni kuti, "Tikadutsa mtengo uwo chigayo chimveka, gwira makutu."

Amatafuna chilichonse, malaya, pensulo, ngakhale sopo. Ndichite chiyani?

Zotafuna zogulitsa zimapangidwa ndi silikoni yosavulaza m'kamwa. Labala ya tayala, mapatapata kapena batire zili ndi poizoni, musalole. Timabatire tozungulira ta m'mawotchi ndi toopsa kwambiri tikamezedwa. Kwathu timagwiritsa ntchito nzimbe, chimanga chootcha, karoti wosaphika, ndi kumwa phala lamadzimadzi kapena thobwa ndi kapaipi, chifukwa kuyamwa mwamphamvu kumakhutitsa nsagwada. Mwana wodya dothi, makala kapena sopo apimidwe magazi, mwina ndi ochepa.

Sakhudza nsima ndi manja, ndipo kumeta ndi nkhondo. Pali chipangizo chake?

Lichero ndi beseni basi. Yambani ndi zouma: mchenga, gaga, mpunga. Bisanimo tizitsekero ta mabotolo kuti azifufuza, poyamba ndi supuni, kenako ndi chala chimodzi. Zonyowa ngati dothi ndi thovu la sopo zibwere pambuyo, chifukwa ndi zimene zimanyansa kwambiri. Ikani nsalu pambali kuti azipukuta akafuna. Musagwire dzanja lake n'kulilowetsa mokakamiza, mudzabwerera m'mbuyo mwezi wathunthu. Mwana wosakwana zaka 3 kapena woika zinthu m'mphuno musamupatse nyemba kapena chimanga.

Kukhudza mopepuka n'kumene kumanyerenyetsa. Kugwira molimba ndi chikhatho chonse kumapiririka, ndiye pomupukuta kapena kumudzoza mafuta, finyani mofatsa m'malo mosisita. Zovala za kaunjika zochapidwa kambirimbiri ndi zofewa kuposa zatsopano. Dulani timapepala ta kukhosi, ndipo masokosi atembenuzeni msoko ukhale kunja. Pali kaburashi kotchedwa Wilbarger kotsukutira khungu, koma musayese potengera vidiyo, kamafuna katswiri wokuphunzitsani.

Kodi chipinda chamagetsi amitundumitundu n'chofunika?

Zipinda zimenezi zinayambira ku Netherlands m'zaka za m'ma 1970, ndipo amazitcha Snoezelen. Ndi zosangalatsa koma zodula, zimafuna magetsi osathimathima, ndipo kuwala kothwanima kukhoza kuyambitsa khunyu mwa ana ena. Chimene mwana amafuna ndi kokapumira. Tebulo lophimbidwa ndi chitenje pakona ya nyumba, m'kati muli mkeka ndi pilo, likwanira. Azilowamo yekha, ndipo abale ake adziwe kuti akalowa samuvutitsa.

Nanga mapulogalamu a pafoni ndi tabuleti? Alipo othandizadi?

Alipo, koma si amene amatsatsidwa kuti amachiritsa ubongo. Ine ndinalipirapo pulogalamu ina yotere ya mwezi ndi mwezi. Mwana anangophunzira kuphulitsa timabaluni pagalasi, bandulo inatha, koma chigayo ankachiopabe. Galasi la foni silingapatse mwana kugwedezeka kapena kulemera kumene thupi lake likufuna.

Othandiza kwenikweni ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la kulankhula ndi zithunzi, kwa mwana amene mawu sakutuluka. Amadina chithunzi cha kapu, foni n'kunena kuti "madzi". Proloquo2Go ndi yotchuka koma ndi yodula ndipo imagwira pa zipangizo za Apple zokha, monga iPad ndi iPhone. Cboard ndi yaulere, inathandizidwa ndi UNICEF, ndipo imatseguka pa foni za Android. Zithunzi zaulere zambirimbiri zili pa ARASAAC, ntchito ya boma la chigawo cha Aragon ku Spain. Vuto n'lakuti mawu a m'mapulogalamuwa kawirikawiri ndi a Chingerezi, ndipo zithunzi zake ndi za buledi ndi bafa la matailosi. Choncho sankhani pulogalamu yolola kuika zithunzi zanu ndi kujambula mawu anu. Jambulani mbale yake yeniyeni ya nsima, chimbudzi cha pakhomo panu, agogo ake, ndipo mchemwali wake alankhule mawuwo m'Chichewa. Musaiwale zithunzi za "phokoso", "kuwawa" ndi "ndikufuna kupuma". Mwana wotha kunena kuti phokoso lamukwana safunikanso kuluma kuti amveke.

Gulu lachiwiri ndi la ndandanda ya tsiku m'zithunzi: kudzuka, kusamba, phala, sukulu. Lachitatu ndi wotchi yoonetsa nthawi ngati mtundu umene ukunka nuchepa, kuti mwana aone ndi maso kuti kumeta kutha liti. Kamera ya foni nayo ndi chipangizo chachikulu. Jambulani mchimwene wake akumetedwa akumwetulira, aonere kangapo tsiku lisanafike.

Kuti asatuluke mu pulogalamu n'kulowa YouTube, pa Android pali App pinning ndipo pa iPhone pali Guided Access. Chepetsani kuwala ndi mawu. Ndipo chilichonse chili pafoni chikhalenso papepala, chifukwa batire imatha ndipo foni imapita ndi bambo kumunda. Zithunzi zosindikiza, zomatidwa pakatoni ndi kukutidwa ndi selotepi, sizifuna sola. Njira yopatsana makadi a zithunzi yotchedwa PECS inayamba mu 1985 ku America, mafoni amakono asanabwere.

Zithunzizi sizimulepheretsa kuphunzira kulankhula?

Ayi. Akatswiri a kalankhulidwe apeza kuti zithunzi sizitseka pakamwa, ndipo ana ena zimawathandiza kuyamba mawu. Inu muzitchula liwulo nthawi iliyonse akaloza.

Akalusa ndikamupatsa foni amangoti zii. Ndikulakwa?

Sindingakuweruzeni, mayi mnzanga, pakuti ndinachitapo m'minibasi anthu onse akundiyang'ana. Koma foni ikamabwera nthawi zonse pambuyo pa kulira, mwana amaphunzira kuti njira yopezera foni ndi kulira. Mupatseni asanaluse, pa nthawi yodziwika, wotchi ija ikuyenda. Malangizo a mu 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere zinthu pagalasi, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Usiku foni imathawitsa tulo. Pulogalamu yolankhulira ija ndi nkhani ina, imeneyo ndi pakamwa pake, musamulande ngati chilango.

Kusukulu m'kalasi muli ana oposa 80. Aphunzitsi angatani?

Ndikulankhula monga mphunzitsi: zambiri sizifuna ndalama. Mwanayu akhale kumapeto kwa mzere, osati pakati pomwe amagundidwa mbali zonse, komanso kutali ndi chitsulo cha belu. Atumidwe kukapereka makope kuofesi kapena kufufuta bolodi, kuti thupi lipeze ntchito. Aloledwe kugwira kamwala kosalala kapena kampira kachikulunga m'thumba. Tija tozungulira pachala timene tinatchuka mu 2017 timangosokoneza kalasi. Polowa ndi potuluka akhale woyamba kapena womaliza.

Pitani mukaonane ndi ahedi ndi kope lanu lija, ndipo mufunse kuofesi ya maphunziro ngati m'zoni mwanu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi amenewa amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Lamulo la anthu aulumali la mu 2024 limaletsa tsankho pa maphunziro. Ofesi yosamalira anthu ya paboma, bungwe loona za anthu aulumali la MACODA limene kale linkatchedwa MACOHA, ndi bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM ndi malo ena ofunsako.

Ndidziwa bwanji kuti chipangizo chikugwira ntchito?

Sankhani chinthu chimodzi chowerengeka, monga kukhala pamphasa mpaka kumaliza kudya, kapena kulowa m'tchalitchi mpaka nyimbo yachiwiri. Yesani chipangizo chimodzi chokha kwa masabata atatu kapena anayi, mukulemba m'kope. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza. Ngati palibe kusintha, kapena mwana akuchithawa, chisiyeni ngakhale munachigula modula, mwina chikathandiza mwana wa mnzanu.

Cholinga chathu choyamba chinali kumeta. Tinasiya makina, tinagwiritsa ntchito sizasi, panja pamthunzi, atatha kukankha wilibala, kapilo ka mchenga kali pamiyendo, thaulo pakhosi kuti tsitsi lisamugwere pakhungu. Sabata yoyamba abambo ake anameta mbali imodzi yokha, ndipo anapita kusukulu atavala chipewa. Mwezi wachitatu mutu wonse unatha tsiku limodzi. Makina sanawalolebe mpaka lero, ndiye sizasi ija timainola mwezi uliwonse.